Chingwe chomaliza: kusankha leader yosavuta powedza smallmouth bass

Ambiri a ife tinaphunzira kuwedza tili ana. Unkadula nsungwi, n'kumangirira chingwe cha nayiloni, kuika kamtovu kapena kamwala pafupi ndi mbedza, kenako n'kukoleka nyongolotsi. Ukaponya, kamtovu kaja ndi kamene kankatsogola, chingwe n'kumatsatira pambuyo. Palibe amene ankavutika kuganiza za chingwecho, bola chisaduke.

Pali kawedzedwe kena kotchedwa fly fishing kamene kamatembenuza zonsezi. Nyambo yake ndi mbedza yovekedwa nthenga, ubweya ndi ulusi kuti ioneke ngati kachilombo, kansomba kapena chule. Nyambo yotere ndi yopepuka moti mutaiponya ndi dzanja ingagwe pafupi ndi mapazi anu. Choncho kulemera kumaikidwa m'chingwe chenichenicho, chingwe chonenepa chokutidwa ndi pulasitiki chotchedwa fly line. Mwachitsanzo, mamita 9 oyambirira a fly line ya nambala 6 amalemera magalamu opitirira pang'ono 10, ndipo a nambala 8 amalemera pafupifupi magalamu 14. Chingwe ndi chimene chimauluka, nyambo imangotengedwa.

Koma chingwe chonenepa chonchi sichingalowe pa kabowo ka mbedza, komanso chikamenya madzi pafupi ndi nsomba chimaithawitsa. N'chifukwa chake pakati pa fly line ndi nyambo pamakhala chingwe china choonekera mkati, cha mamita awiri kapena atatu, chimene owedza amachitcha leader. Mbali yake yomaliza, yowonda kwambiri, pamene pamamangidwa nyambo, imatchedwa tippet. Kachingwe kameneka ndi kotchipa kuposa zida zina zonse, koma ndi kamene kamachititsa kuti nyambo ifike pomwe mukufuna ndiponso kuti nsomba yokodwa isapite ndi mbedza kukamwa.

Nsomba yake ndi yotani?

Smallmouth bass ndi nsomba ya ku North America. Dzina lake la sayansi ndi Micropterus dolomieu, ndipo linaperekedwa ndi katswiri wa ku France, Lacépède, m'chaka cha 1802. Kwawo kwenikweni ndi nyanja za Great Lakes, mtsinje wa St. Lawrence ndi mitsinje ya kumtunda ndi pakati pa chigwa cha Mississippi, koma anthu anaifalitsa kumadera ena ambiri. Masiku ano mitsinje ya Susquehanna ku Pennsylvania, Shenandoah ndi James ku Virginia, komanso Potomac, ndi yotchuka ndi nsombayi. Thupi lake ndi lofiirira ngati mkuwa, lili ndi mizere yotsika m'mbali. Chimene chimaisiyanitsa ndi m'bale wake largemouth bass ndi chakuti nsagwada yake ya m'mwamba siipitirira diso. Yaikulu kwambiri imene imavomerezedwa inagwidwa ndi David Hayes mu 1955 pa damu la Dale Hollow, m'malire a Kentucky ndi Tennessee, ndipo inkalemera makilogalamu 5.41. Zambiri za m'mitsinje sizifika n'komwe makilogalamu awiri.

Kuno ku Africa nsombayi inafika ku South Africa mu 1937, itatengedwa ku United States. Inakhazikika m'mitsinje ya ku Western Cape monga Olifants, kumene yachepetsa kwambiri nsomba za kumeneko chifukwa imadya ana awo. Khalidwe limeneli likutiuza kale kanthu pa nkhani yathu: iyi ndi nsomba yolusa, yosaka. Imakonda madzi oyera oyenda pamiyala, ndipo imadya tinsomba, tizilombo tikulutikulu ta m'madzi, achule, ndiponso kanyama kofanana ndi nkhanu kotchedwa crayfish, kamene kamabisala pansi pa miyala.

Nyambo zake zimatsanzira zakudya zimenezi, choncho ndi zazikulu. Popper ndi nyambo yoyandama, ya mutu wa thovu louma kapena kamtengo kopepuka, imene imalira kuti phuu ikakokedwa. Woolly Bugger, imene Russell Blessing wa ku Pennsylvania anaipanga mu 1967, ili ndi mchira wa nthenga zofewa ndipo kawirikawiri imalemeretsedwa ndi waya kapena mkanda wachitsulo. Clouser Deep Minnow inapangidwa mu 1987 ndi Bob Clouser, amene ankatsogolera owedza pa mtsinje wa Susquehanna. Ili ndi timaso tachitsulo timene timaimiza komanso kuitembenuza kuti nsonga ya mbedza iyang'ane kumwamba, isamakole miyala. Ena mwa nyambo zimenezi amalimbana ndi mphepo, ena ndi olemera. Onse amafuna chingwe champhamvu chowakankha.

Pamene ambiri amalakwitsa

Anthu ambiri amaphunzira fly fishing pa nsomba ya trout. Ngakhale kuno ku Malawi kawedzedwe kameneka kamadziwika chifukwa cha trout za pa phiri la Zomba ndi za m'madamu a ku Chelinda pa Nyika. Trout nthawi zambiri imadya tizilombo ting'onoting'ono toyandama, ndipo imayang'anitsitsa isanadye. Wowedza trout amagwiritsa ntchito leader yaitali ndi tippet yowonda ngati tsitsi, kuti kanyambo katere pamadzi mwakachetechete n'kumayenda ndi madziwo mosakokedwa.

Munthu wozolowera zimenezi akapita kukawedza smallmouth bass amatenga leader yomwe ija n'kumangapo popper. Akaponya, fly line imatambasuka bwinobwino, koma nyambo imagwa pafupi ndi nsonga ya chingwe, leader itaunjikana ngati ulusi wosokonekera. Nthawi zina nyambo yolemera imadzabwerera n'kumenya ndodo kapena chipewa. Iye amaganiza kuti sadziwa kuponya, kapena kuti ndodo ndi yosakhala bwino, pamene vuto lili pa kachingwe komaliza.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiganizire chikwapu cha woyendetsa ngolo. Chikwapu chimakhala chonenepa kuchigwiriro n'kumawonda pang'onopang'ono mpaka kunsonga. Mphamvu ya mkono imayenda m'chikwapucho ngati funde mpaka kukafika kumapeto. Mutamangirira ulusi wosokera zovala kunsonga kwa chikwapu, n'kupachika chitsononkho kumapeto kwa ulusiwo, funde lija likafika pa ulusi lingathere pomwepo. Ulusi ulibe thupi lokwanira kunyamula mphamvuyo kukafika pa chitsononkho. Leader imagwira ntchito chimodzimodzi. Imalandira mphamvu kuchokera ku fly line n'kuipereka ku nyambo. Ikatalika kwambiri kapena ikawonda kwambiri, mphamvu imathera panjira.

Apa ndi pamene pagona mfundo yaikulu ya nkhani ino. Posankha leader ya smallmouth bass, yambani ndi kufunsa kuti nyambo yanga ndi yaikulu bwanji ndipo ndikufuna iyende pati, pamwamba kapena pansi pa madzi. Mantha akuti nsomba iona chingwe abwere pambuyo. Nsomba imene ikuthamangitsa kansomba kothawa ilibe nthawi yofufuza chingwe ngati trout imene ikusankha tizilombo pamadzi odekha. Yankho lake nthawi zambiri ndi leader yaifupi, yonenepa, ya zidutswa zochepa.

Kuwerenga manambala a pa paketi

Pa paketi ya leader mupezapo manambala awiri, mwachitsanzo mapazi 7.5 ndi 1X. Yoyamba ndi kutalika: mapazi 7.5 ndi mamita 2.3, ndipo mapazi 9 ndi mamita 2.7. Yachiwiri ikunena kunenepa kwa tippet. Chizindikiro cha X chinachokera nthawi imene leader inkapangidwa ndi ulusi wotengedwa m'thupi la mbozi za silika, umene unkakokedwa kudzera m'timabowo tachitsulo kuti uwonde. Nayiloni italowa m'malo mwake, itatulukiridwa ndi kampani ya DuPont m'zaka za m'ma 1930, kawerengedweko kanatsala.

Masamu ake ndi osavuta. Chotsani nambala ya X pa 11, ndipo yankho ndi kunenepa kwa chingwe m'magawo a inchi yogawidwa ka 1,000. Motero 0X ndi mainchi 0.011, kapena mamilimita 0.28. 1X ndi mamilimita 0.25, 2X ndi 0.23, ndipo 3X ndi 0.20. Zindikirani kuti nambala ikamakwera, chingwe chikuwonda. Wogula koyamba amasokonezeka pamenepa n'kutenga 5X poganiza kuti ndi yolimba kuposa 1X, chonsecho 5X ndi ya trout.

Nambala za mbedza zimayendanso chobwerera chomwechi: mbedza ya nambala 4 ndi yaikulu kuposa ya nambala 10. Owedza ali ndi lamulo lapakamwa lolumikiza ziwirizi, lakuti gawani nambala ya mbedza ndi 3 ndipo mupeza X yoyenera. Mbedza ya nambala 6 ikufuna 2X. Ya nambala 4 ikufuna 1X. Ya nambala 2 ikufuna 0X kapena 1X. Popeza nyambo zambiri za smallmouth bass zimamangidwa pa mbedza zapakati pa nambala 2 ndi 8, tippet yoyenera ili pakati pa 0X ndi 3X. Tikanena za mphamvu, ndiye kuti chingwe chimene chimaduka pa mapaundi 8 mpaka 15, omwe ndi makilogalamu 3.6 mpaka 6.8. X imayeza kunenepa kokha, choncho zingwe ziwiri za 2X za makampani osiyana zikhoza kusiyana mphamvu. Werengani zonse ziwiri.

Mwina wina afunsa kuti, nanga chingwe cha makilogalamu 5 n'chachiyani pa nsomba ya kilogalamu imodzi? Zifukwa zilipo zitatu. Choyamba ndi chija tanena, kukankha nyambo. Chachiwiri ndi miyala. Nsombayi ikakodwa imalumpha, kenako n'kuthamangira pansi kumene chingwe chimakhula pamiyala, ndiponso timano take tokhakhala timachipala pang'onopang'ono. Chachitatu chikukhudza moyo wa nsombayo. Owedza ambiri a smallmouth bass amazibwezera m'madzi. Munthu wa chingwe chowonda amaopa kukoka, choncho amalimbana ndi nsomba nthawi yaitali mpaka italefukiratu. M'nyengo yotentha, pamene madzi ali ndi mpweya wochepa, nsomba yotopa chonchi ikhoza kufa ngakhale itamasulidwa. Chingwe cholimba chimafupikitsa ndewu.

Nayiloni kapena fluorocarbon?

Zingwe za leader zilipo za mitundu iwiri. Nayiloni ndi yotchipa, yofewa, imamanga bwino mfundo, ndipo imalemera pang'ono chabe kuposa madzi, pafupifupi ka 1.14. Chifukwa cha ichi imachedwa kumira, ndipo ikapakidwa mafuta oyandamitsa imakhala pamwamba. Vuto lake ndi lakuti imamwa madzi komanso imafooka ikakhalitsa padzuwa.

Fluorocarbon inayamba kugulitsidwa ngati chingwe chowedzera mu 1971 ndi kampani ya ku Japan ya Kureha, pa dzina la Seaguar. Imalemera pafupifupi ka 1.78 poyerekeza ndi madzi, choncho imamira msanga. Siimwa madzi, imapirira kukhula pamiyala, ndipo siioneka kwambiri m'madzi chifukwa imakhotetsa kuwala mofananirako ndi madziwo. Koma ndi yokwera mtengo, ndi youma, ndipo kachidutswa kotayidwa mumtsinje kamakhala zaka zambirimbiri osawola.

Kusankha kwake kukutsatira funso lija la pamwamba kapena pansi. Popper imafuna nayiloni, chifukwa fluorocarbon ikamamira imakokera mutu wa nyambo pansi n'kuononga kalilidwe kake. Nyambo zoyenda pansi, monga Clouser ndi zotsanzira crayfish, zimapindula ndi tippet ya fluorocarbon. Amene ndalama zake zikukwanira mtundu umodzi wokha agule nayiloni. Nsombazi zinkagwidwa ndi nayiloni kwa zaka zambiri fluorocarbon isanabwere.

Njira ziwiri zosavuta

Njira yoyamba ndi kugula leader yopangidwa kale, yopanda mfundo, imene imawonda yokha kuchokera kutsinde mpaka kunsonga. Sankhani ya nayiloni ya mapazi 7.5, ya 0X kapena 1X. Makampani ena amalemba mawu akuti bass pa paketi, kusonyeza kuti tsinde lake ndi lonenepa ndi lolimba. Kunsonga kwake mangiriranipo tippet ya masentimita 45 mpaka 60. Mukamasintha nyambo muzidula tippet yowonjezerayo, ndipo ikafupika muikepo ina. Mukatero leader imodzi ikhoza kukutumikirani maulendo ambiri.

Njira yachiwiri ndi kumanga nokha ndi zingwe wamba za nayiloni zitatu. Tengani mita imodzi ndi masentimita 20 a chingwe cha mapaundi 30 kuti likhale tsinde. Lumikizani ndi masentimita 60 a chingwe cha mapaundi 20. Malizani ndi masentimita 60 a chingwe cha mapaundi 12 kapena 10. Zonse pamodzi ndi mamita 2.4, ndipo mfundo ndi ziwiri zokha. Onani kuti tsinde latenga theka la leader yonse. Mbali yonenepa iyenera kukhala yaitali kuposa zinazo chifukwa ndi imene imalandira mphamvu, ndipo kunenepa kwake kufike pafupifupi magawo awiri mwa atatu a nsonga ya fly line. Leader yotere imayenda bwino ndi ndodo za nambala 6, 7 kapena 8, zomwe ndi zimene owedza nsombayi amakonda.

Kuwonda pang'onopang'ono kuli ndi ubwino winanso. Nyambo ikakola pamwala kapena pa chitsa, ndipo mukakakamizika kudula pokoka, chingwe chimadukira pofooka kwambiri, kumapeto. Mumataya nyambo ndi kachidutswa kakafupi basi. Amene wamanga chingwe cholimba mofanana ponseponse sadziwa pamene chidukire, ndipo akhoza kusiya mamita awiri a nayiloni mumtsinje kapena kuononga fly line imene ndi yodula.

Leader imeneyi imasinthidwa pa zochitika ziwiri. Mvula ikatha, mtsinje n'kuphwera, madzi n'kuyera mbee, nsomba zimachita mantha ndi kugwa kwa fly line. Pamenepo wonjezerani tippet kuti leader ifike mapazi 9 kapena 10, mutsike kufika pa 2X kapena 3X, ndipo muchepetsenso nyambo kuti zigwirizane. Chochitika chachiwiri ndi pamene mukugwiritsa ntchito fly line yomira pofuna nsomba za m'maiwe akuya. Apa chitani zosiyana: fupikitsani. Mita imodzi ya chingwe cha mapaundi 10 kapena 12, chosawonda kunsonga, ndi yokwanira. Leader ikatalika, fly line imamira koma nyambo imatsalira m'mwamba, kutali ndi nsomba zimene mumazifuna.

Mfundo zomangira

Mfundo zinayi ndi zokwanira. Kutsinde kwa leader mangani kakhwekhwe kotchedwa perfection loop, kamene kamakolana ndi kakhwekhwe ka kunsonga kwa fly line. Polumikiza zingwe ziwiri gwiritsani ntchito surgeon's knot: gonekani zingwezo motsatizana, pindani zonse pamodzi ngati mukumanga mfundo wamba, pisani kawiri kapena katatu, kenako kokani nsonga zonse zinayi nthawi imodzi. Mfundo imeneyi imagwira ngakhale zingwe zikusiyana kunenepa. Pomanga nyambo, improved clinch knot ndi yodalirika. Koma pa chingwe chonenepa ambiri amakonda non-slip loop knot, imene Lefty Kreh, mphunzitsi wotchuka wa kawedzedwe kameneka wa ku Maryland, anailimbikitsa kwambiri. Imasiya kakhwekhwe kakang'ono pa diso la mbedza kuti nyambo izigwedera momasuka ngati chamoyo.

Mfundo iliyonse inyowetseni musanaikoke. Chingwe chouma chikamakhulana chimatentha n'kufooka pamalo omwewo pamene mukudalira. Mukamaliza, ikokeni mwamphamvu ndi manja. Ndi bwino iduke m'manja mwanu kusiyana ndi kudukira pa nsomba.

Leader imanena yokha ikalakwika

Ubwino wa kachingwe aka ndi wakuti kamaonetsa vuto lake. Nyambo ikamagwa leader isanatambasuke, ndiye kuti leader yatalika kapena yawonda, choncho dulani tippet kapena ikani yonenepa. Tippet ikamapotana ngati chingwe cha khonje mutaponya popper kangapo, nyamboyo ikuzungulira m'mwamba ndipo chingwe chachepa mphamvu yoiletsa. Nyambo ikamamenya madzi mwaphokoso n'kuthawitsa nsomba pamalo osaya, wonjezerani tippet pang'ono. Mukapeza kamfundo kodzimanga kokha pakati pa tippet, musakanyalanyaze, chifukwa kamafooketsa chingwe kwambiri. Kamasuleni kapena dulani pomwepo. Chingwe chikaduka n'kusiya nsonga yopiringizika ngati mchira wa nkhumba, sichinaduke ayi, mfundo yanu ndi imene inamasuka.

Mukagwira nsomba, kapena nyambo ikadutsa pamiyala, yendetsani zala pa masentimita 30 omaliza. Mukamva pokhakhala, dulani ndi kumanganso. Zimatenga mphindi imodzi. Zidutswa zodulazo ikani m'thumba mukataye kunyumba, chifukwa mbalame ndi nyama za m'madzi zimakodwa nazo. Zingwe za nayiloni zosungira zikhale pamthunzi, osati pawindo kapena m'galimoto yotentha.

Zonse zimene munthu akufunika kunyamula zikhoza kukwana m'thumba la malaya: leader imodzi yapadera ndi timikombero titatu ta chingwe, ka mapaundi 8, ka 10 ndi ka 12. Ndipo safunika kudikira kufika kumtsinje kuti adziwe ngati wasankha bwino. Apite pabwalo la mpira, amange nyambo yodulidwa nsonga ya mbedza kapena kampukutu ka ulusi wolukira juzi kofanana nayo kukula, aponye mamita 10 kapena 12, kenako ayende kukaona. Akapeza leader itagona mowongoka paudzu, nyambo ili kumapeto kwenikweni, leader imeneyo ndi yoyenera. Akaipeza itaunjikana, adule masentimita 30 n'kuponyanso.